Kuyala tebulo la Khirisimasi kunja kukuzizira: mmene timachitira kuno ku Glasgow

Kwathu Khirisimasi imatipeza chimanga chikuthamangira m'mawondo, mango atapsa, thukuta lili kamukamu. Mpunga ndi nkhuku zikapsa, wina amakhala pakhonde, wina pansi pa mtengo, ana pamphasa ndi Fanta wawo, ndipo palibe amene amadandaula kuti chakudya chazizira. Kuno ku Glasgow ndi nkhani ina. Pa 25 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, 4 koloko isanakwane lalowa kale, ndipo panja sipokhalika. Onse amene mwawaitana adzakhala m'chipinda chimodzi, kuzungulira tebulo limodzi, kwa maola atatu kapena anayi. Walira mvula walira matope.

Chaka changa choyamba ndinadzaza tebulo ndi zonyezimira za m'sitolo: makandulo ataliatali, timitengo, timipira tofiira. Ndinaima patali n'kumadziyamikira kuti koma ndiye ndayala. Nthawi yobweretsa chakudya itakwana, panalibe poika bakuli la nsima. Linakakhala pampando pakona, ndipo mmene timalifikira nsima inali italimba ngati mkute. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi mafunso awiri. Chotentha chikhala pati? Nanga chigongono cha munthu chikhala pati? Zokongoletsa zimalowa m'malo amene atsala.

Kutatsala sabata: werengani anthu, yezani tebulo

Tengani tepi yoyezera. Munthu wamkulu aliyense amafuna masentimita 60 m'mbali mwa tebulo kuti adye osagundana ndi mnzake. Tebulo la masentimita 180 m'litali ndi 90 m'lifupi limakwana anthu 6 bwinobwino, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ndipo mukaika wina kumutu ndi wina kumapeto afika 8. Kupitirira apo musadzinamize. Bwerekani katebulo kopinda kwa anzanu a kutchalitchi mulumikize, kapena patulani tebulo la ana. Matebulo awiriwo akasiyana msinkhu, pindani katoni muike kunsi kwa miyendo ya lalifupilo, nsalu idzabisa zonse.

Powerenga, onjezerani malo awiri. Tikudziwana. Alamu anu adzafika ndi mnzawo wa kuntchito amene analibe kopita, kapena mwana wa sukulu amene wangofika kumene kuchokera kumudzi, ndipo simungamubweze pakhomo kunja kuli chisanu.

Kenako tulutsani mbale zonse, mafoloko, mipeni, masipuni ndi matambula, muwerenge pamaso panu, osati m'mutu. Chimene chaperewera gulani sabata yomweyo. Masitolo akuluakulu kuno satsegula pa tsiku la Khirisimasi, ndi lamulo, ndipo pa 24 madzulo amatseka msanga. Ine mbale zanga zambiri ndinazipeza m'masitolo a kaunjika a mabungwe othandiza anthu, pamtengo wozizira. Sizifanana zonse, koma zikakhala zoyera kapena zoyererako diso silizindikira. Zikakhala mitundu iwiri, sinthanitsani, iyi yoyera, yotsatira yamaluwa, mpaka kuzungulira. Zimaoneka ngati munachita dala.

Sabata yomweyo imbirani alendo foni muwafunse zimene sadya. Apa musachite manyazi. Patebulo la Khirisimasi la kuno sipalephera timasoseji tokulungidwa ndi bekoni, ndipo ngati mwaitana m'bale wachisilamu kapena wa Seventh Day, mbale ya nkhumbayo iyenera kukhala payokha, ndi sipuni yake, kutali ndi malo ake. Mbali inayo, masamba athu otendera ali ndi nsinjiro, ndipo kuno kuli anthu, makamaka ana, amene mtedza umawatupitsa kukhosi mpaka kuthamangira nawo kuchipatala. Mayankho amenewa ndi amene adzakuuzeni kuti mbale iti ikhala mbali iti.

Usiku wa pa 24: yalani zonse zimene sizidyedwa

Musasiyire m'mawa. Pa 25 manja anu adzakhala ali m'khitchini.

Yambani ndi kusuntha tebulo. Lisakhale moyang'anizana ndi chitseko cha panja, chifukwa aliyense wolowa amabwera ndi mphepo yake. Kuseri kwa mipando siyani njira yoti munthu wonyamula poto wotentha adutse osapempha wina kuti aime. Pafupi ndi khomo la kukhitchini ikani katebulo kena, ngakhale desiki la ana kapena kabati yaifupi. Katebulo kameneka ndi kamene kadzapulumutse tsiku lanu, tibwererako.

Patebulo lalikulu yalani kaye chofunda chopyapyala kapena thaulo lalikulu. Chimateteza thabwa ku mbale zotentha ndipo chimachepetsa phokoso la mafoloko. Pamwamba pake nsalu yoyera yosita, yolendewera masentimita 20 mpaka 30 mbali zonse. Ikatalika kuposa apo imakola m'mawondo, ndipo mwana akaikoka zonse zimapita pansi. Mulibe nsalu ya patebulo? Shiti yoyera ya pabedi yochapa bwino imagwira ntchito. Ndimaisitira patebulo pomwepo kuti mizere ya mopinda ichoke.

Tsopano chitenje. Cha mamita awiri mukachipinda patatu m'litali chimasanduka mzere wa masentimita pafupifupi 40, woyenda pakati pa tebulo kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Kwa ine chimenechi ndiye chokongoletsa chachikulu, china chilichonse n'chongoperekeza. Sankhani chokhala ndi kufiira, kubiriwira kapena chikasu, ndipo chikhale chochapidwa kale, poti chatsopano chimatha kusuluka madzi akatayikirapo n'kudetsa nsalu yoyerayo. Cha chipani kapena cha nkhope ya munthu chisungeni m'sutikesi. Ndale zidzabwera zokha pokambirana, sizifunika kuziyalira.

Musanaike kandulo ngakhale imodzi, tengani mabakuli ndi mbale zikuluzikulu zopanda kanthu muziike pamene zidzakhale mawa. M'mbale iliyonse ponyani kapepala: nkhukundembo, mbatata yootcha, mpunga, masamba, msuzi. Pansi pa iliyonse ikani kathabwa kapena kamkeka kotchinga kutentha. Apa m'pamene mudzaone kuti tebulo lanu ndi laling'ono kuposa mmene mumaganizira. Zimene zakanika kukwana zipite pa katebulo kam'mbali kaja. Ine ndimachita motere: nkhukundembo ndimaidulira kukhitchini n'kubweretsa zidutswa, chifukwa yathunthu imadya malo a anthu awiri, nsima ndi mpunga zimakhala pakatebulo m'zosungira kutentha zotsekedwa, patebulo lalikulu pamatsala ndiwo, masamba, mbatata ndi msuzi. Tebulo likakhala lalitali, msuzi ukhale m'majagi awiri, mchere pawiri, kuti wa kumapeto asamangopempha.

Zikatero yalani malo a munthu aliyense. Mbale yaikulu pakati, yotalikirana ndi m'mphepete mwa tebulo ngati kunenepa kwa chala chachikulu. Foloko kumanzere. Mpeni kumanja, kukamwa kwake kutayang'ana mbale. Ngati muyamba ndi supu, sipuni yake ikhale kunja kwa mpeniwo. Lamulo la eni dziko ndi lakuti chodyera choyamba chimakhala kunja, ndiye munthu amayamba ndi zakunja kumalowa m'kati. Kasipuni ka zotsekemera kagone chopingasa kumtunda kwa mbale, chogwirira chake chitaloza kumanja. Tambula ya madzi pamwamba pa mpeni, ya vinyo pambali pake chakumanja. Kambale kakang'ono kumanzere. Eni ake amaikapo buledi, koma kwa ife ndi ka mafupa, ndipo mudzakayamikira.

Musayale zodyera za chakudya chimene simuphika. Ndinaonapo tebulo la mafoloko atatu pa munthu aliyense pomwe chakudya chinali chimodzi, anthu n'kumangoyang'anizana.

Mpeni ndi foloko ikirani aliyense, ngakhale amene mukudziwa kuti nsima adzadya ndi manja. Ndiponso musaganize kuti mzungu adzafuna foloko basi. Aneba anga a kuno, bambo wachikulire wobadwira mumzinda uno, amatema nsima ndi dzanja kuposa ana anga.

Za maseviyeti: ansalu ndi abwino, koma amapepala olimba nawonso alibe mlandu. Pindani kamodzi, ikani pambale kapena kumanzere kwa foloko. Zopinda ngati mbalame zisiyireni a ku hotela.

Pamwamba pa mbale iliyonse gonekani cracker. Kwa amene ndi Khirisimasi yawo yoyamba kuno, ndi kaphukusi kapepala kooneka ngati switi yaikulu, anthu awiri amakokana mpaka kaphulike, ndipo m'kati mumatuluka chisoti chapepala, nthabwala yosaseketsa ndi kachidole. Anayambitsa ndi Tom Smith, wogulitsa maswiti ku London m'zaka za m'ma 1840. Poyamba ndinkaziona ngati zachibwana. Koma tsiku limene ndinaona apongozi anga, amayi aulemu wawo a chigwirizano cha kutchalitchi, atavala chisoti chapepala pamwamba pa duku akuseka mpaka misozi, ndinasiya kutsutsa. Ngati pali alendo a kuno, tebulo lopanda ma cracker adzaliona ngati ukwati wopanda nthungululu.

Tsopano, ndipo tsopano pokha, yang'anani malo amene atsala pachitenje paja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu: tinthambi ta paini todulidwa kunsi kwa mtengo wa Khirisimasi, manachesi angapo m'kambale, makandulo. Chilichonse chisatalike kuposa masentimita 30. Njira yoyesera ndi iyi: khalani pampando, ikani chigongono patebulo, ndipo chimene chapitirira nkhonya yanu chichotseni, chifukwa chidzabisa nkhope ya amene mwayang'anizana naye. Tinthambi ta holly ndi mistletoe tokhala ndi tizipatso tofiira ndi toyera ndi tokongola, koma tizipatsoto ndi poizoni. Ngati pali ana okwawa kapena ongoyamba kuyenda, tikhale pamwamba pa chitseko, osati patebulo.

Makandulo amafunika ndithu, poti mdima udzakupezani mukudya. Akhale opanda fungo. Kandulo yonunkhira sinamoni pafupi ndi chambiko cha usipa ndi nkhondo. Aikeni m'timabotolo tagalasi takuya, ta jamu tochotsa mapepala timakwana, kuti dzanja lofikira mbale lisapse ndiponso zisoti zapepala zija zisagwire moto. Pa tebulo la ana ikani a mabatire. Kumbukiraninso kuti kuyambira February 2022 nyumba za ku Scotland zimayenera kukhala ndi ma alamu a utsi olumikizana, ndiye imodzi ikalira zonse zimalira. Getsi lalikulu la kudenga lidzakhale lozima, muyatse nyale za m'makona ndi timagetsi ta pamtengo. Koma osachita mdima woti munthu alephere kuona minga ya nsomba.

Ndani akhala pati

Izi ndimazilingalira nthawi yaitali kuposa zokongoletsa. Lembani mayina patimapepala, ana amakonda ntchito imeneyi. Mukasiya kuti aliyense asankhe yekha, abambo adzaunjikana mbali imodzi ndi nkhani za mpira, amayi mbali ina, Chichewa chidzayaka, ndipo mneba wanu adzatsala akumwetulira yekha osamva kanthu. Muikeni pakati pa anthu awiri ochezeka amene adzamumasulire nthabwala ndi kumuonetsa kadyedwe ka therere.

Achikulire, makamaka amene angobwera kudzacheza kuchokera kumudzi ndipo thupi silinazolowere chisanu, akhale kutali ndi zenera ndi chitseko, pafupi ndi rediyeta, chitsulo chotenthetsa nyumba, koma osati msana utagunda pachitsulocho. Pampando pawo ikanipo kabulangete. Iwo sadzanena kuti akuzizidwa, mudzangoona asiya kulankhula. Inu mwini nyumba khalani kufupi ndi khitchini. Wamanzere akhale pakona pamene chigongono chake chili panja. Mayi wa mwana wakhanda akhale poti atha kutuluka osadzutsa mzere wonse.

Zakumwa zikhale pakatebulo kapena pawindo, patebulo lalikulu pangokhala jagi ya madzi. Pa tsikuli sitima siziyenda ndipo mabasi ndi osowa, choncho ambiri amabwera pagalimoto zawo. Ku Scotland mulingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa unatsitsidwa mu Disembala 2014 kufika pa mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, pomwe ku England ndi 80. Kunena mwachidule, woyendetsa asalawe n'komwe. Ndiye zakumwa zopanda mowa zisakhale ngati zongokumbukira mochedwa. Thobwa ngati mwakonza, Sobo ngati wina anabwera naye m'sutikesi, kapena juwisi wa maapozi wotenthetsa ndi jinja ndi sinamoni, woperekedwa m'makapu munthu akangovula jekete. Firiji ikadzaza, mabotolo ikani m'ndowa panja pa khomo lakuseri. Chisanu chili ndi ntchito yake.

Tsiku lenileni

Sankhani nthawi yodyera moganizira 3 koloko. Nthawi imeneyo Mfumu ya ku Britain imalankhula pa wailesi yakanema, mwambo umene inauyamba Mfumu George V pa wailesi mu 1932, ndipo mabanja ena a kuno amadya isanakwane, ena ikadutsa. Si onse amene amasamala, makamaka kuno ku Scotland kumene Khirisimasi yeniyeniyo inakhala tsiku la tchuthi mu 1958 ndipo phwando lalikulu linali la chaka chatsopano, limene amati Hogmanay. Funsani alendo anu. Ine ndimakonda 1:30, kuti tiyambe kukuwala, makandulo tiyatse pofika pa zotsekemera. Abale athu auzeni 12:30. Mukudziwa chifukwa chake.

Kutatsala ola limodzi tsitsani hita pang'ono. Uvuni wayaka kuyambira m'mawa, anthu khumi akalowa chipinda chimatentha chokha, ndipo mawindo amayamba kulira misozi. Tsegulani pang'ono zenera la kukhitchini. Pakhomo yalani thaulo lakale la nsapato zonyowa, majekete onse apite pabedi m'chipinda china, asapachikidwe kuseri kwa mipando.

Kutatsala mphindi 20 chotsani mbale zodyera patebulo mukazitenthetse. Ichi ndi chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira kwa eni dziko ndipo sindidzachisiya. Mbale yozizira imapha chakudya m'mphindi zochepa, msuzi umagwirana mafuta munthu asanafike pakati. Ziikeni mu uvuni wozimitsa kumene kapena wotsitsa kufika pa madigiri 60 mpaka 70, apo ayi zimizeni m'sinki ya madzi otentha n'kuzipukuta. Za mkombero wagolide zisalowe mu microwave. Mabakuli ndi majagi a msuzi nawonso tsukuluzani ndi madzi otentha musanathiremo kanthu.

Nsima iphikidwe pomaliza penipeni, alendo atafika. Omolani mitanda, iwiri pa munthu wamkulu, ina yapadera, muike m'chosungira kutentha chofunditsa kale, mutseke. Ena amakulunga mtanda uliwonse m'pulasitiki yopyapyala. Imasungadi kutentha, ngakhale ine sindikonda kaonekedwe kake patebulo la chikondwerero, ndiye ndimayala kansalu koyera m'kati mwa bakuli n'kuphimba nako pamwamba. Mpunga, ngati mwapeza wa Kilombero wa ku Karonga umene umagulitsidwa m'masitolo ena a fair trade kuno, musautsegule msanga, fungo lake lidzatuluke anthu atakhala kale.

Anthu akakhala, dongosolo lake ndi ili, ndipo musalisinthe: ma cracker, kusamba m'manja, pemphero, kenako chakudya.

Ma cracker ayambe chifukwa amasiya zinyalala. Aliyense apingase manja, agwire yake ndi dzanja limodzi ndi ya mnzake ndi linalo, n'kukoka nthawi imodzi. Mwana mmodzi azungulire ndi thumba kutolera mapepala asanafike pamakandulo.

Kusamba m'manja ndimachita mwakwathu, beseni ndi jagi, ngakhale sinki ili pafupi. Madzi akhale ofunda, sopo pakambale, thaulo paphewa. Yambani ndi wamkulu pa onse, "Tisambe m'manja, amayi," mutawerama pang'ono, kenako alendo, ana pomaliza. Muzithira ndinu, munthu asaviike m'beseni. Ngati pansi pali kapeti, wothandiza agwire beseni ndi thaulo kunsi kwake. Alendo a kuno mwambo umenewu umawakhudza kuposa zokongoletsa zonse. Madzi enanso ofunda akhale okonzeka a pomaliza, chifukwa seviyeti yapepala pa dzanja la nsima imangomatirira.

Pemphero lichitike chakudya chikadali kukhitchini, chovundikira. Mukapempha akulu a mpingo kuti atsegule ndi pemphero, adzayamba ndi ife tili pano, apite kumudzi, adutse kwa odwala, akafike kwa atsogoleri a dziko, ndipo zonsezo n'zofunika. Koma mbatata yootcha siidikira. "Ameni" akangomveka, anthu atatu amene munawauza kale anyamuke: wina mbale zotentha atagwira ndi kansalu n'kumachenjeza kuti zikuotcha, wina ndiwo, wina msuzi. Timapepala tija tidzawauza poika, inu simudzafunika kuloza. Mbale ziziyenda mbali imodzi kuti zisakumane pakati. Nali kapena kambuzi akhale m'kambale kake ndi kasipuni, ndipo mneba mumuuze kuti si jamu wa cranberry, poti zonse n'zofiira.

Chakudya chachikulu chikatha, chotsani zonse, mbale, mabakuli, mchere, tsabola. Sesani nyenyeswa ndi kansalu konyowa pang'ono. Pamene msuzi wadontha yalanipo seviyeti yoyera, palibe adzadziwe. Yatsani makandulo ngati simunayatse, bweretsani makapu a tiyi ndi timbale ta zotsekemera. Ngati mlendo wabweretsa Christmas pudding, chotsekemera chooneka ngati keke ya zipatso zouma, ndipo akufuna kuiyatsa ndi burande monga amachitira kuno, chotsani kaye kanthambi kokongoletsa pamwamba pake, sunthani nthambi za paini, ana akhale pansi, ndipo amene wavala chisoti chapepala asaweramirepo. Lawi lake ndi labuluu, limaoneka bwino magetsi atazima, ndipo limazima lokha. Auzeni osamwa mowa kuti pudding yambiri imakhala ndi mowa m'kati, muwapatse zipatso kapena mandasi. Timapayi timene amati mince pies musatiope, dzina lokha ndi la nyama, m'kati ndi zipatso zouma.

Pafupifupi chaka chilichonse pamakhala wina amene ali pa shifiti, kuchipatala kapena kunyumba zosamalira okalamba, amene adzafike 9 koloko usiku mapazi atatupa. Chakudya chake mupatule musanayambe kugawa, osati zotsala m'mabakuli. Chikazizira chilowe m'firiji, makamaka mpunga, umene suyenera kugona patebulo kupitirira ola limodzi. Malo ake pakona ya tebulo asachotsedwe: mbale, foloko, tambula, kapepala ka dzina lake ndi cracker yake yosaphulitsa. Akamagogoda, ikani madzi a nsima yatsopano pamoto, mtanda umodzi kapena iwiri sutenga mphindi 15, ndipo wina atenthetse madzi a m'jagi.